Mbewa, makoswe ndi chibaba cha fodya: mafunso ndi mayankho pa kafukufuku wa chibadwa

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza tikamakambirana za kusuta ndi ophunzira a zaumoyo kuno ku Mzuzu, komanso ndi anthu amene akulimbana ndi kusiya fodya pamodzi ndi abale awo. Ambiri amadabwa kumva kuti zambiri zimene madokotala akudziwa lero zokhudza chibaba cha fodya zinatulukira mwa mbewa ndi makoswe osungidwa m'nyumba zochitira kafukufuku.

Kodi mawu akuti "majini" patsamba lino akutanthauza chiyani?

Sakutanthauza mizimu imene ena amati imagwira anthu, ngakhale kuti mawuwo amamveka chimodzimodzi. Majini amene tikunena pano ndi malangizo olembedwa mu DNA ya m'maselo a thupi, amene mwana amatengera kwa mayi ndi bambo ake. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000, ndipo ambiri mwa iwo amauza thupi mmene lingapangire puloteni inayake. Jini limodzi likhoza kusiyana pang'ono pakati pa anthu awiri, nthawi zina ndi chilembo chimodzi chokha, ndipo kusiyana kotereku n'kumene asayansi amafufuza akamafunsa chifukwa chake wina amagwidwa ndi fodya msanga pamene mnzake amalawa n'kusiya.

Kodi n'zoona kuti kusuta n'kwakumtundu?

Mbali ina n'zoona. Umboni woyamba unachokera kwa mapasa. Mapasa ofanana, amene anachokera ku dzira limodzi, ali ndi majini ofanana, pamene mapasa osafanana amagawana pafupifupi theka la majini amene anthu amasiyana nawo, monga mmene zilili ndi ana ena onse a bere limodzi. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti mapasa ofanana amafanananso kwambiri pa kasutidwe kuposa mapasa osafanana, ndipo akawerengera, pafupifupi theka la kusiyana kwa anthu pa nkhani yokodwa ndi fodya limayenderana ndi chibadwa.

Theka linalo ndi moyo umene munthu wakulira: anzake ocheza nawo, mtengo wa ndudu pa kawokala ka pakona, bambo amene ankatuma mwana kukayatsa chingambwe pamoto wa kukhitchini. Kuyamba kusuta kumadalira kwambiri zinthu zoterezi, koma kuchuluka kwa ndudu zimene munthu amasuta pa tsiku ndi kuvutika kwake posiya zimakhudzidwa kwambiri ndi thupi limene anabadwa nalo. Palibe jini limodzi la kusuta. Kafukufuku wina wa mu 2019, amene anaona DNA ya anthu pafupifupi 1.2 miliyoni, anapeza malo mazanamazana okhudzana ndi fodya ndi mowa, ndipo malo alionse paokha amasintha zinthu pang'ono chabe.

N'chifukwa chiyani asayansi amagwiritsa ntchito nyama m'malo mongofufuza anthu osuta?

Kufufuza anthu kumasonyeza kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, koma sikusonyeza kuti ndi chiti chimene chikuyambitsa chinzake. Mukapeza kuti anthu okhala ndi mtundu wina wa jini amasuta kwambiri, simungathe kuwachotsa jinilo kuti muone ngati asintha, ndipo simungatenge ana n'kuwapatsa chikonga kuti muone amene akodwe. Koma mwa mbewa, zonsezi n'zotheka. Wofufuza amadziwa chakudya chimene mbewa yadya, tsiku limene inalawa chikonga koyamba ndi kuchuluka kwake, ndipo akhoza kuyang'ana mu ubongo wake mwachindunji. Mbewa imaswa pakangotha masabata atatu itatenga bere, choncho mibadwo ingapo imaoneka m'chaka chimodzi. Pamene DNA yonse ya mbewa inafalitsidwa mu 2002, zinaoneka kuti pafupifupi jini lililonse la mbewa lili ndi linzake lofanana nalo mwa munthu, kuphatikizapo majini amene chikonga chimagwirapo ntchito.

Kodi mbewa zake ndi zomwe zija timakumba kumunda?

Ayi. Mbewa za kafukufuku zinachokera ku kambewa kakang'ono ka m'nyumba, ndipo zakhala zikuswanitsidwa pachibale kwa zaka zoposa 100, mpaka mbewa zonse za mtundu umodzi zinafika pofanana ngati mapasa. Mtundu wotchedwa DBA unayamba mu 1909 ndipo wa C57BL/6, umene ndi wakuda, unayamba mu 1921. Ubwino wake ndi wakuti mukaika mitundu iwiri m'malo ofanana, n'kuidyetsa zofanana, kusiyana kumene kwatsala kumakhala kwa chibadwa. M'zaka za m'ma 1980, Allan Collins ndi Michael Marks a ku University of Colorado anayerekezera mitundu yambiri ya mbewa ndipo anaona kuti mlingo womwewo wa chikonga umagwetsa kutentha kwa thupi ndi kufooketsa mbewa za mtundu wina kwambiri kuposa za mtundu wina. Mbewa za C57BL/6 zimamwanso madzi okhala ndi chikonga mwaufulu kuposa mitundu ina yambiri.

Makoswe amagwiritsidwanso ntchito, makamaka chifukwa chakuti ndi aakulu ndipo amaphunzira msanga. Palinso kansomba kotchedwa zebrafish, kochokera ku South Asia, kamene ndi kachibale ka usipa umene timagula kuchokera ku Nkhata Bay. Mu 2020 ofufuza a ku Queen Mary University of London analengeza kuti anapeza jini lotchedwa slit3 mwa kuona tinsomba timene tinkakopeka kwambiri ndi chikonga, ndipo kenako anapeza kuti jini lomwelo limakhudzana ndi kasutidwe ka anthu.

Mbewa sisuta. Nanga amadziwa bwanji kuti ili ndi chibaba?

Limeneli ndi funso labwino kwambiri, chifukwa n'zoona kuti khoswe kapena mbewa imathawa utsi. Choncho asayansi amagawa kusuta m'zigawo, n'kuyeza chigawo chilichonse pachokha.

Njira yodalirika kwambiri ndi yolola nyama kudzipatsa yokha chikonga. Khoswe amaikidwa kapaipi kakang'ono mumtsempha wa m'khosi, kenako amalowetsedwa m'kabokosi mmene muli timabatani tiwiri. Akakanikiza kamodzi, kadontho ka chikonga kamalowa m'magazi ndipo kagetsi kamayaka. Akakanikiza kenako, palibe chimene chimachitika. Pakapita masiku ochepa khosweyo amasiya kabatani kopanda kanthu n'kumalimbikira kokhala ndi chikonga, ndipo wofufuza akachulukitsa maulendo oyenera kukanikiza asanalandire kadontho kamodzi, amaona pamene khosweyo wagwa ulesi. Pamenepo m'pamene amayezera mphamvu ya chilakolako. William Corrigall ndi Kathleen Coen a ku Toronto ndi amene anakhazikitsa njira imeneyi pa makoswe mu 1989. Kagetsi kaja n'kofunika kuposa mmene munthu angaganizire, chifukwa khoswe amene wasiyitsidwa chikonga amayambiranso kukanikiza akangokaona kakuyaka, monga mmene munthu amene wasiya fodya amavutikira akamva fungo la ndudu pa depoti kapena akakhala pansi ndi kapu ya tiyi m'mawa wozizira wa mu June.

Njira ina ndi ya zipinda ziwiri zosiyana maonekedwe: nyama imabayidwa chikonga m'chipinda chimodzi ndi madzi amchere m'chinacho, ndipo pambuyo pake amaona kumene ikukonda kukhala. Pomaliza pali kuyeza mavuto a kusiya. Nyama imene yakhala ikulandira chikonga kwa masiku angapo ikasiyitsidwa imanjenjemera, imakukuta mano, imadzikanda ndipo imachita mantha kuposa kale.

Kodi chikonga chimachita chiyani mu ubongo, nanga mbewa zinathandiza bwanji kudziwa zimenezi?

Munthu akakoka utsi, chikonga chimafika mu ubongo m'masekondi 10 mpaka 20. Kumeneko chimamatirira pa timapuloteni ta pamaselo a mitsempha totchedwa ma receptor, timene ntchito yake yeniyeni ndi kulandira uthenga wa mankhwala a m'thupi otchedwa acetylcholine. Receptor iliyonse imapangidwa ndi zidutswa zisanu, ndipo chidutswa chilichonse chili ndi jini lake ndi dzina lake, monga alpha4, alpha5 ndi beta2. Chikonga chikamatirira pa ma receptor a m'dera lina la mkatikati mwa ubongo, maselo amatulutsa mankhwala otchedwa dopamine, amene amauza ubongo kuti chimene changochitikachi n'choyenera kubwereza.

Kuti adziwe chidutswa chimene chili chofunika, asayansi anagwiritsa ntchito luso lochotsa jini limodzi mwa mbewa, limene linapezetsa Mario Capecchi, Martin Evans ndi Oliver Smithies mphoto ya Nobel mu 2007. Mu 1998, Marina Picciotto ndi anzake, mogwirizana ndi Jean-Pierre Changeux wa ku Institut Pasteur ku Paris, anasonyeza kuti mbewa zopanda chidutswa cha beta2 sizitulutsa dopamine zikapatsidwa chikonga, ndipo sizilimbikira kudzipatsa chikongacho. Mu 2005 gulu la pamalo omwewo linabwezeretsa beta2 m'dera limodzi lokha la ubongo wa mbewa zoterezi, ndipo chilakolako cha chikonga chinabwerera. Umboni woterewu, wochotsa chinthu n'kuchibwezeretsa, sukanapezeka mwa anthu.

N'chifukwa chiyani anthu ena amasuta paketi yonse pa tsiku pamene ena ndudu ziwiri zimawakwanira?

Kwa ife, apa m'pamene kafukufuku wa nyama anaonetsa phindu lake lenileni. Mu 2008 magulu atatu a ofufuza, limodzi mwa iwo la ku Iceland, anapeza paokhapaokha kuti malo ena a pa chromosome 15, kamodzi mwa timitolo ta DNA ta m'maselo, amakhudzana ndi khansa ya m'mapapo, ndipo gulu la ku Iceland linapezanso kuti amakhudzana ndi kuchuluka kwa ndudu zimene munthu amasuta. Pamalopo pali majini atatu a zidutswa za ma receptor, ndipo limodzi mwa iwo, CHRNA5, ndi limene limapanga alpha5. Mwa anthu ena jini limeneli limasiyana ndi chilembo chimodzi, zimene zimafooketsa receptor. Panali chodabwitsa apa. Ngati receptor ya chikonga yafooka, munthu akanayenera kumva kukoma kochepa n'kusuta pang'ono, koma anthu amenewa ankasuta kwambiri.

Yankho linachokera kwa mbewa. Mu 2011 Christie Fowler, Paul Kenny ndi anzawo ku Scripps Research Institute ku Florida anapatsa mbewa zopanda alpha5 mwayi wodzipatsa chikonga. Pa mlingo wochepa zinkachita ngati mbewa zina zonse. Koma mlingo utakwezedwa kufika pamene mbewa wamba zimabwerera m'mbuyo chifukwa chikonga chayamba kuipa m'thupi, zopanda alpha5 zija zinapitirizabe kukanikiza. Ofufuzawo anapeza kuti alpha5 imagwira ntchito m'kadera kakang'ono ka ubongo kotchedwa habenula, kamene kamatumiza uthenga wakuti basi, zakwana. Atabwezeretsa alpha5 m'kadera kameneka, mbewa zinayambanso kudziletsa.

Tanthauzo lake ndi lakuti ubongo uli ndi njira ziwiri, ina yokokera ku chikonga, imene tafotokoza m'yankho lapitali, ndi ina yokhala ngati mabuleki. Aliyense amene analawapo ndudu ali mwana amakumbukira chizungulire, nseru ndi thukuta lozizira. Amenewo ndi mabuleki akugwira ntchito. Anthu ena anabadwa ndi mabuleki ofooka. Wolemba tsamba lino anali ndi amalume awiri amene anayamba chingambwe chaka chimodzi, m'mudzi umodzi ku Rumphi. Mmodzi ankasuta kamodzi madzulo mpaka ukalamba, ndipo winayo ankadzuka usiku kukasaka pepala lokulungira, zala zake zitasanduka zachikasu. Pabanja tinkati wachiwiriyo ndi wosadzigwira, ndipo tinkamunena zimenezi pamaso. Palibe amene anawayeza magazi, choncho sitinganene kuti chifukwa chake chinali jini limeneli, koma zimene mbewa zija zinasonyeza zimatichititsa kukayikira kuti tinamuweruza mwachilungamo.

Tisakokomeze, komabe. Mwa anthu, kusiyana kwa jini limeneli kumawonjezera pafupifupi ndudu imodzi pa tsiku pa kope lililonse limene munthu watengera kwa kholo. Kuchotseratu jini mwa mbewa n'kwakukulu kuposa kufooka pang'ono kumene kumapezeka mwa anthu.

Nanga chiwindi chikukhudzidwa bwanji?

Chiwindi n'chimene chimaphwanya chikonga, makamaka pogwiritsa ntchito puloteni yochokera ku jini la CYP2A6, ndipo chambiri chimasanduka cotinine, amene madokotala amayeza m'malovu kapena mumkodzo pofuna kudziwa ngati munthu wasuta. Mwa munthu, theka la chikonga limachoka m'magazi pakatha pafupifupi maola awiri. Amene chiwindi chawo chimaphwanya mofulumira amamva chibaba msanga ndipo amakonda kusuta zambiri, pamene ophwanya pang'onopang'ono amasuta zochepa ndipo kusiya kumawavuta mocheperapo. Rachel Tyndale wa ku University of Toronto wachita zambiri pa nkhani imeneyi.

Pano nyama zimasiyana nafe kwambiri. Mbewa imachotsa theka la chikonga m'mphindi zosakwana 10, ndipo khoswe amagwiritsa ntchito puloteni ya mtundu wina. N'chifukwa chake mlingo wopatsidwa mbewa sungayerekezeredwe mwachindunji ndi ndudu za munthu.

Kodi zimene anapezazi zikugwiranso ntchito kwa ife Amalawi?

Mmene ubongo umagwirira ntchito n'chimodzimodzi kwa anthu onse: ma receptor, dopamine ndi habenula zili mwa munthu wa ku Chibavi monga zilili mwa munthu wa ku Reykjavik ku Iceland. Chimene chimasiyana ndi kuchuluka kwa mitundu ya majini. Mtundu wofooka wa CHRNA5 umene tatchula ndi wofala mwa anthu ochokera ku Ulaya koma ndi wosowa mwa anthu a ku Africa, ndipo mitundu ingapo ya CYP2A6 yochedwetsa kuphwanya chikonga imapezeka kwambiri mwa anthu akuda kuposa mwa azungu. Vuto ndi lakuti kafukufuku wamkulu wa majini a kusuta wachitika makamaka mwa azungu, pamene anthu a ku Africa ndi amene ali ndi kusiyanasiyana kwa majini kochuluka kuposa anthu ena onse padziko. Ife timaona kuti limeneli ndi dzenje lalikulu, makamaka kwa dziko limene lili m'gulu la olima fodya wa burley wambiri padziko lonse, ndipo ophunzira athu a sayansi ayenera kuliona ngati ntchito imene ikuwadikira.

Komanso kasutidwe kathu n'kosiyana. Chingambwe chokulungidwa m'pepala la nyuzi chilibe fyuluta, ndipo amayi ena achikulire amafwenkha fodya wamphuno kapena kumuika kukamwa. Njira zimenezi zimafikitsa chikonga mu ubongo pa liwiro losiyana.

Kodi kafukufukuyu akunena chiyani za achinyamata?

Makoswe achichepere, a msinkhu wofanana ndi wa ana a kusekondale, amakopeka ndi chikonga mosavuta kuposa akuluakulu, samva kwambiri kuipa kwake, ndipo amene analawa ali aang'ono amadzipatsa chochuluka akakula. Mwa anthu, zaoneka kuti mphamvu ya mtundu wofooka wa CHRNA5 imakula mwa amene anayamba kusuta ali aang'ono. Choncho chibadwa chimodzimodzicho chikhoza kukhala ndi zotsatira zosiyana malinga ndi zaka zimene munthu analawira ndudu yoyamba, ndipo kugulitsa ndudu imodziimodzi kwa ana a yunifolomu si nkhani yaing'ono.

Ndi zinthu ziti zimene nyama sizingatiuze?

Mbewa ilibe ulova, ngongole kapena maliro, ndipo palibe mnzake amene amaiseka ikakana ndudu. Ndiponso kafukufuku wambiri amagwiritsa ntchito chikonga chokha, pamene utsi wa fodya uli ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Ena mwa mankhwalawa amawonjezera mphamvu ya chikonga mu ubongo. Chilichonse chopezeka mwa mbewa chimayenera kutsimikiziridwa mwa anthu, ndipo zambiri zimene zinkaoneka zolonjeza mwa nyama sizinaphule kanthu zitayesedwa kuchipatala.

Kodi kumeneku si kuzunza nyama?

Nyama zimavutikadi, ndipo sitiyenera kubisa. Kuikidwa kapaipi ndi opaleshoni, ndipo kusiyitsidwa chikonga n'kowawa. Mu 1975 anthu a ku Britain anakwiya kwambiri ataona zithunzi za agalu akukakamizidwa kupuma utsi wa ndudu, ndipo mkwiyo umenewo unathandiza kuti malamulo akhwime. Masiku ano kafukufuku wovomerezeka amatsatira mfundo zitatu zimene William Russell ndi Rex Burch anafotokoza mu 1959: kugwiritsa ntchito njira ina ngati ilipo, kuchepetsa chiwerengero cha nyama, ndi kuchepetsa ululu. Komiti yoona za chikhalidwe chabwino imayenera kuvomereza ntchitoyo isanayambe. Maganizo athu ndi akuti, poti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse malinga ndi World Health Organization, kafukufukuyu ali ndi chifukwa chomveka, koma chifukwacho chimagwira ntchito pokhapokha funso likakhala lofunika ndipo palibe njira ina yoliyankhira. Timalemekeza amene amaona mosiyana.

Kodi makampani a fodya sagwiritsa ntchito nkhani ya chibadwa podziteteza?

Anaigwiritsapo ntchito. Mu 1953 Ernst Wynder ndi Evarts Graham anapaka phula la utsi wa ndudu pamsana pa mbewa ndipo zambiri zinadwala khansa. Chaka chotsatira, makampani a fodya a ku America anakhazikitsa komiti yawo ya kafukufuku, ndipo amene anamusankha kukhala mkulu wa zasayansi anali Clarence Cook Little, munthu yemweyo amene anayambitsa mitundu ya mbewa ya DBA ndi C57BL. Kwa zaka zambiri iye ankalimbikira kunena kuti palibe umboni wokwanira wakuti fodya amayambitsa khansa, ndipo ankaloza chala ku chibadwa cha wodwalayo. Mbiri imeneyi ndi chifukwa chabwino chofunsira nthawi zonse kuti kafukufuku walipiridwa ndi ndani. Majini amakhudza kuchuluka kwa utsi umene munthu amakoka, koma chowononga mapapo ndi utsiwo.

Kodi pali mankhwala amene atuluka m'kafukufuku ameneyu?

Chitsanzo chodziwika ndi varenicline, amene anavomerezedwa ku America mu 2006. Amamatirira pa ma receptor opangidwa ndi alpha4 ndi beta2, omwe aja mbewa zinasonyeza kuti ndi ofunika, n'kuwadzutsa pang'ono kuti chibaba chichepe, kwinaku akutsekereza chikonga kuti ndudu isakome. Anapangidwa potengera cytisine, mankhwala ochokera ku chomera amene akhala akugwiritsidwa ntchito kum'mawa kwa Ulaya kuyambira m'ma 1960. Palinso bupropion, ndi zomata pakhungu kapena chingamu chokhala ndi chikonga. Onsewa amagwira bwino akaphatikizidwa ndi uphungu, ndipo ayenera kugwiritsidwa ntchito motsogozedwa ndi dokotala. Popeza dziko la Malawi linalowa m'pangano la World Health Organization lochepetsa fodya mu 2023, n'koyenera kufunsa kuti thandizo loterolo lifike m'zipatala zathu.

Ndimalima fodya koma sindisuta. Kodi nkhani imeneyi ikundikhudza?

Inde. Chikonga chimalowa kudzera pakhungu, makamaka pothyola masamba onyowa ndi mame kapena mvula. Chizungulire, kusanza, mutu ndi kufooka zimene matenanti ndi ana amamva nyengo yothyola ndi kusoka fodya m'minda ya ku Mzimba ndi ku Rumphi ndi zizindikiro za chikonga chochuluka m'magazi, ndipo ndi chiwindi chomwe chija chimene chimachichotsa. Kuvala zotchinga manja ndi thupi, kudikira kuti masamba aume, kusintha zovala zonyowa ndi kusamba ndi sopo kumathandiza, ndipo ana sayenera kugwira ntchito imeneyi.

Bambo anga ndi agogo anga ankasuta. Kodi ndiyezetse magazi kuti ndidziwe ngati nanenso ndidzakodwa?

Sitikulangiza zimenezo. Monga tanenera m'yankho lachiwiri, majini okhudzidwa ndi ambiri ndipo lililonse lili ndi mphamvu yochepa, choncho kuyeza sikungakuuzeni za tsogolo lanu, makamaka poti ziwerengero zake zinachokera kwa anthu a mitundu ina. Mbiri ya banja lanu yakuuzani kale zokwanira: ngati simunayambe, musalawe, chifukwa majini onse amene tafotokozawa sangabweretse chibaba mwa munthu amene chikonga sichinalowe m'thupi lake.

Ngati mukusuta kale ndipo mwayesa kusiya kangapo osatheka, dziwani kuti ambiri amene anasiya anayesa maulendo angapo. Mavuto a kusiya amafika pachimake m'sabata yoyamba ndipo amachepa pakatha milungu iwiri mpaka inayi, ngakhale kuti chibaba chimabwerabe mwa apo ndi apo mukakumana ndi malo, anthu kapena fungo limene munalizolowera. Mukapita ku Mzuzu Central Hospital, ku St John of God kapena ku chipatala chimene muli nacho pafupi, muuzeni wachipatala kuchuluka kwa ndudu zimene mumasuta pa tsiku ndiponso mphindi zimene zimadutsa mukadzuka musanayatse yoyamba, chifukwa mayankho awiri amenewa ndi amene amamuthandiza kudziwa kukula kwa vutolo ndi thandizo loyenera inu.